Chimene Chinkabuula Kuseri kwa Khoma la Galaja

Makoswe a m'nyumba ya atelala anayamba kufa okha. Lolemba m'mawa, akusesa, mayiwo anapeza awiri pansi pa bedi la mwana wawo atagona chagada, opanda bala, pamene m'nyumbamo munalibe amene anatchera msampha kapena kuika mankhwala. Anakawataya kudzala n'kuiwalako. Chimene sanathe kuiwala n'chakuti m'mawa womwewo mwanayo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kamene onse ankakatcha Kabatani chifukwa cha kuchepa kwake, anadzuka atagwira mutu, ndipo asanafike n'kubafa komwe anasanza.

Nyumbayo inali yogundana ndi galaja ya amuna awo, amakaniko. Chipinda cha Kabatani anachita kuwonjezera chaka chatha, n'kuchiyedzamiritsa kukhoma la galajayo, malata ake amodzimodzi. Fungo la oyilo ndi utsi m'nyumbamo linali la tsiku ndi tsiku, moti ngakhale zovala zimene atelala ankasoka zinkachoka nalo.

Masiku amenewo kunabuka akuba a sefa ya utsi, chitini chachitsulo chija chimakhala kunsi kwa galimoto pa paipi ya ekizozi n'kumayeretsa utsi usanatuluke. Anthu ankati zam'kati mwake zili ndi msika wabwino. Munthu ankagona galimoto ili bwinobwino, m'mawa poiliza n'kumalindima ngati thirakitala. Ndiye amakaniko anasamutsira kamatiresi m'galaja n'kumagona momwemo.

"Magalimoto a eniake awa," anauza akazi awo. "Sefa imodzi ikasowa pano, anthu ndidzawayang'ana bwanji kumaso?"

Atelala anaona kuti n'zoona, ndipo anawanyadira amuna awo.

Kuchipatala anamuyeza Kabatani malungo, sanapezeke. Pofika masana mwana anali akudumpha chingwe panja ngati sikunachitike kanthu. Lachiwiri anagona bwino. Koma usiku wa Lachitatu atelala anadzidzimuka mumdima, osadziwa chimene chawadzutsa. Magetsi a mumsewu anali atazima, agalu ali zii. Kenako anachimva. Chinkachokera pansipansi, ngati munthu wamkulu akubuula atatsekedwa pakamwa ndi bulangete, ndipo magalasi a pawindo ankanjenjemera pang'onopang'ono. Chinabuula nthawi yaitali, n'kusiya, n'kuyambiranso. Mayiwo anafunda kumutu, thukuta lili kamukamu, mpaka chinasiyiratu.

M'mawa Kabatani anakanika kuimirira. Ankati khoma likuzungulira, ndipo usiku kunabwera munthu amene anamukhalira pachifuwa.

"Bambo a Kabatani, usiku simunamve kanthu inu?" atelala anafunsa chapansipansi kuti mwana asamve.

Amakaniko anali akusamba m'manja ndi sopo wa ufa, maso ali psuu. "Ndimve chiyani? Ine ndinagona pomwepo mpaka kucha. Mwina n'jenereta ya kophika buledi kuja."

"Jenereta ija ndimaidziwa kulira kwake."

"Ndiye mwina mumalota, amayi. Mukusoka mpaka usiku kwambiri."

Nkhani siikhalira kufalikira. Pofika Lachisanu msewu wonse unali ukudziwa. Alamu awo, mlongo wake wa amakaniko, anabwera ngati akudzapinditsa siketi, n'kukhala pafupi ndi makina, n'kuyamba kunong'ona.

"Mulamu, ndisakubiseni. Anthu akulankhula. Akuti firiji yatsopano yalowa muno, mipando yatsopano yalowa, mwana n'kumafota. Akuti achimwene anapita kwinakwake kukakhwimira galajayi."

"Ndipo inu mwabwera kudzandiuza zimenezo za mlongo wanu yemwe?"

"Ine ndangomva. Koma mwanayu musamusiye yekha."

Atelala anakwiya mpaka singano inawabaya chala. Komabe mawuwo anakhala mumtima, ndipo chimene chinawawawa kwambiri n'chakuti anayamba kuwayang'ana amuna awo akamadya, akamaseka, akamamunyamula mwana. Kabatani anali mmodzi yekhayo. Anamudikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo adokotala anali atawauza kale kuti wina sadzabweranso.

Loweruka kunabwera aphunzitsi aakulu a kusukulu ya Kabatani, mayi wachikulire amene ankakhala nyumba yachinayi mumsewu womwewo. Kagalimoto kawo koyera aliyense ankakadziwa, ndipo akuba anali atakadula sefa sabata yatha. Anabwera ndi yatsopano ili m'katoni. Amakaniko anakweza galimoto pajeke, kulowa kunsi, kumanga sefayo eniake akuona, n'kuiliza. Inalira mwakachetechete ngati mphaka.

"Muisiye igone konkuno, aphunzitsi," anatero. "Mawa ndikungenso mabawuti chitsulo chitazizira."

"Inu ndiye munthu amene ndimagona tulo ndikakusiyirani galimoto," anayankha aphunzitsiwo, n'kumupatsa Kabatani switi.

Usiku umenewo atelala anayala mphasa m'chipinda cha mwana, pafupi ndi bedi, tochi ili m'manja. Anatsimikiza kuti sagona. Chilichonse chimene chimabwera m'chipindamo, chipeze mayi ake a mwana alipo. Anamva wailesi ya oyandikana nawo ikuzima, anamva malata akuthetheka pozizira, anamva kupuma kwa Kabatani, kopepuka, kosadukiza. Sanadziwe kuti tulo tinawaba nthawi yanji.

Podzuka, mutu unali ngati wina akuukhoma misomali. Chinthu chija chinali chikubuula, koma tsopano pafupi, m'khoma momwemo, moti mphasa inkanthunthumira. Anafuna kudzuka, miyendo inakana. Anayatsa tochi n'kuunika m'mwamba, ndipo pampata wa pakati pa khoma ndi malata anaona chinthu chakuda, chozungulira kukamwa, chitasuzumira m'chipindamo. Mpweya wofunda unkatsika kuchokera pamenepo n'kumawakhudza kumaso. Kenako maso anazolowera, ndipo anachizindikira. Inali paipi ya labala ya m'galaja, ija amathirira madzi potsuka magalimoto.

Kubuula kuja kunasiya mwadzidzidzi. M'chipinda munangoti zii, ndipo m'bata limenelo atelala sanamve kupuma kwa mwana.

"Kabatani. Kabatani, dzuka, mayi."

Anamugwedeza, mutu unangogwera kumbali. Anamukoka pabedi, kugwa naye, kukwawa, kudzukanso, mpaka anatuluka panja pa mphepo. Anamugoneka pakhonde n'kuyamba kumenya chitseko cha galaja ndi zibakera zonse ziwiri.

Chitseko chinatsekuka pang'ono, masaka amene anatsekera m'mipata akugwa pansi. Amakaniko anaima ndi sipanala m'manja. Kumbuyo kwawo kagalimoto koyera kanali pajeke. Sefa yatsopano ya aphunzitsi inali pambali, yokulungidwa kale m'thumba, ndipo pansi panali chitini chakale chogogodedwa m'kati, chopanda kanthu. Ndicho ankamanga m'malo mwa zenizeni, n'kumailiza injini zitseko zili zotseka kuti amve ngati chikulira bwino mwini wake asadzazindikire. Cha lero chinkadontha utsi, ndiye anali atangochimasulanso. Paipi ya labala inachoka kumchira wa galimoto n'kukwera khoma.

"Utsi wanu ukulowa kwa mwana," atelala anatero. Mawu anatuluka aang'ono, osasa.

"Ayi, umatulukira kudenga. Ndinaika bwinobwino kuti utulukire kudenga..."

Anasuzumira pakhonde n'kuona timiyendo tiwiri tosagwedezeka. Sipanala inagwa.

Chipatala chinali kutali, ndipo m'galajamo galimoto yoyenda inali imodzi yokha. Amakaniko anayang'ana sefa ili m'thumba ija, n'kuyang'ana kunsi kwa galimoto kumene paipi inali pululu.

"Ndimange kaye. Mphindi makumi awiri zokha. Ndikaitulutsa chonchi, msewu wonse..."

"Tsitsani jekeyo."

Amakaniko anatsitsa jeke, kuzula paipi ya labala, kukankha zitseko zonse ziwiri. Atelala analowa kumbuyo ndi mwana pamiyendo n'kutsekula mawindo onse. Kiyi atatembenuka, kagalimoto ka aphunzitsi kanalindima ngati kang'amba malata. Agalu a msewu wonse anadzuka. Mawindo anayamba kuyaka, nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndipo pa yachinayi aphunzitsi anali ataima kale pakhomo atafunda shawelo, akuyang'ana galimoto yawo ikudutsa. Amakaniko sanatembenuze mutu. Misozi inkatsikira m'kolala ya ovolosi.

Atelala analibe nazo ntchito zonsezo. Anaika nkhope ya mwana pawindo kuti mphepo imuwombe, n'kutsamiritsa khutu lawo pachifuwa chake, mbali iyi, kenako mbali inayo.

"Akupuma?" amakaniko anakuwa ali pachiwongolero. "Amayi, ndiuzeni, akupuma?"

Mayiwo anakanikiza khutu mwamphamvu, atatseka maso. Pansi pa mapazi awo paipi yopanda sefa inkabangula, galimoto yonse ikunjenjemera.

"Sindikumva," anatero. "Phokosoli, bambo a Kabatani. Sindikutha kumva."