Kumanzere kwa Amayi

Izi sindinachite kumva ayi. Zinachitika dzuwa likuswa mtengo, pabalaza pathu, ndipo namwino wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyendanso, alipo, mukamufunse.

Amayi anadwala sitiroko chaka chomwe tinaika bambo, mwendo wakumanzere n'kufooka. Achimwene, eni malamulo, anagamula kuti amayi akalephera kuyenda okha kukafika pakhomo, awatenga akakhale kwawo, nyumba itsekedwe. Amayi analira. M'nyumbamo ndi momwe anakalambira ndi bambo, ndipo mipando yonse anakhoma ndi bambowo, poti anali kalipentala.

Namwino uja anandiphunzitsa kuyang'ana. Akuti munthu asananyamule phazi, thupi limayamba lasendera kumwendo umene utsale pansi. "Kuyenda kumayambira m'chiuno, phazi limangotsatira," anatero. "Amayi anu akuopa kudalira mwendo wodwalawo, ndiye wabwinowo sungadzuke." Zoonadi, amayi ankangoima chilili, thukuta lili kamukamu.

Tsiku limene achimwene anabwera ndi galimoto kudzawatenga, amayi anaimirira n'kusiya tebulo lomwe ankatsamira. Ndinafuna kuwagwira, namwino anandiletsa ndi maso.

Kenako kunamveka fungo la utuchi, wa matabwa ongopala kumene. Chonsecho zida za bambo tinagulitsa kalekale. Nkhuku panja zinangoti zii. Wina anatsokomola, kachifuwa kouma kaja ka bambo. Achimwene anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Amayi anapendekera kumanzere. Anapendekerabe. Abale inu, munthu sapendekera choncho osagwa! Malaya awo anafinyika pachigongono ngati pagwira zala.

Phazi lakumanja linanyamuka. Linatera. Lakumanzere linatsatira.

"Akutsamira chiyani?" ananong'ona namwino.

Ndinathamangira kumanzere kwa amayi.

"Iwe, choka uko," anatero amayi osandiyang'ana n'komwe. "Uwaponda bambo ako." Kenako chapansipansi, uku akuseka: "Pang'onopang'ono inu. Liwiro lanu lija simunasiyebe?"

Anafika pakhomo n'kugwira chitseko. Achimwene anabwerera okha, ngakhale tiyi sanamwe.

Amayi akuyenda mpaka lero, m'nyumba mwawo momwemo. Ine ndimawagwira kumanja, kumanzere ndimasiyako malo. Bambo ndimawasowa kwambiri, sindinama. Koma ndikamasesa m'mawa ndimapeza timautuchi, kuchokera pampando wa amayi kukafika pakhomo, ndipo ndimangoti, "Mwadzuka bwanji, bambo?"