Tsache Langa ndi Bafa Latsopano

Dzina langa ndine Lukiya. Ndimakhala ku Utale. Pali chinthu chimene ndinabisa nthawi yaitali. Mchimwene wanga wamng'ono, Sadiki, ali ndi chipsera pachibwano. Chipseracho ndinachititsa ndine.

Bafa lathu lakale linali la udzu. Pansi panali mwala waukulu. Loweruka lililonse ndinkakwecha mwalawo. Mwala ukapanda kukwechedwa, umamera ndere. Ndere zimaterera.

Koma ine ndinkakonda kusewera fulaye. Loweruka lina sindinakweche. Ndinangothira madzi. Loweruka linalo ndinangothira madzi. Linzakenso ndinangothira madzi. Mwala wonyowa umaoneka ngati wokwecha.

Tsiku lina Sadiki analowa kukasamba. Phii! Anagwa. Chibwano chinang'ambika. Kuchipatala anamusoka.

"Mwanayu amathamanga kwambiri," anatero Amayi.

"Sindinathamange," anatero Sadiki.

Palibe anamumvera.

Sadiki anayamba kuopa bafa. Ankasambira panja, m'beseni, ngati khanda. Anzake ankamuseka.

Ababa anga ndi Che Sufiyani. Iwo anati, "Timange bafa la ana." Anaitana mmisiri, a Wadson.

"Mpanda ukhale wa chiyani, Che Sufiyani?" anafunsa a Wadson.

"Wa udzu," anatero Ababa.

"Iyayi," anatero Amayi. "Udzu chiswe chimadya. Wotsala mbuzi zimamaliza."

"Nanga malata?" anafunsa Ababa.

"Malata amachita dzimbiri," anatero a Wadson. "Amachekanso ana. Tiike njerwa basi. Tipake pulasitala. Chiswe chikabwera, chithyoka mano."

Tonse tinaseka. Sadiki yekha sanaseke.

"Denga likhale mbali imodzi," anatero a Wadson. "Dzuwa lizilowa. Ndere sizikonda dzuwa."

Kenako Ababa anatulutsa tailosi imodzi m'thumba. Anabwera nayo kuchokera ku Liwonde. Inali yoyera. Inali yosalala.

"Pansi tiika izi," anatero Ababa. "Taonani kuwala! Munthu angathe kudziyang'anirapo."

"Sizivuta kutsuka?" anafunsa Amayi.

"Lukiya alipo," anatero Ababa. "Amakwecha bwino."

Ine sindiyankhula pagulu. Koma ndinaona chipsera cha Sadiki.

Ndinaika tailosiyo pansi. Ndinathirapo madzi a sopo.

"Ababa, tapondani," ndinatero.

Ababa anavula nkhwaira. Anaponda. Tereru! Anagwira malaya a a Wadson.

"Mundigwetsa, Che Sufiyani!" anakuwa a Wadson. "Ndili ndi ana ine!"

Ababa anabweza tailosiyo m'thumba.

"Nanga iwe ukufuna pansi potani, mayi?" a Wadson anandifunsa.

Ndinayang'ana zala zanga. "Posaterera," ndinatero. "Posavuta kutsuka. Ngakhale munthu ataiwala."

Amayi anandiyang'ana.

"Ndiye simenti," anatero a Wadson. "Koma yosasalaza. Uli ndi tsache?"

A Wadson anamanga khoma. Anasakaniza simenti ndi mchenga. Anathira pansi. Mbali imodzi anakweza pang'ono. Anasiya bowo pakhoma kuti madzi azitsetsereka okha, azipita ku nthochi.

Simenti isanaume, anandipatsa tsache langa.

"Sesa pang'onopang'ono," anatero. "Kuyambira kumtunda, kupita kubowo."

Ndinasesa. Tsache linasiya mizere. Mizere yaing'ono, yambirimbiri.

"Phazi lizigwira apa," anatero a Wadson. "Madzi azitsata mizereyi."

Simenti yatsopano imafuna madzi kuti ilimbe. Masiku asanu ndi awiri ndinathira madzi. Ulendo uno, kuthira madzi inali ntchito yeniyeni.

Loweruka linafika. Bafa linali litauma. Amayi anapachika chitenje pakhomo. Ababa anabweretsa ndowa ya madzi. Sadiki anaima pakhomo, sopo ali m'manja.

"Lowa," anatero Ababa.

"Iyayi," anatero Sadiki. "Ndigwanso. Paja mumati ndimathamanga."

"Ndiye usathamange," anatero Amayi.

Sadiki anatembenuka. Anayamba kupita ku beseni lake.

Ndinamugwira dzanja. Ndinagwada. Ndinanong'ona m'khutu mwake.

"Sunathamange. Mwala uja unali ndi ndere. Ine sindinkakwecha. Pepa."

Sadiki anandiyang'ana nthawi yaitali. Anagwira chibwano chake. Kenako anayang'ana mizere ija.

Anaponda phazi limodzi. Phazi linagwira. Anaponda linalo. Linagwiranso. Anathira madzi. Anapaka sopo. Anapondanso. Sanaterere.

"Zikundikirigita kuphazi!" anakuwa. Anaseka. Amayi anaseka. Ababa anaomba m'manja.

Sadiki anasuzumira pa chitenje. Mutu unali thovu lokhalokha.

"Achemwali," anatero, "nenaninso zija. Amayi sanamve."

Amayi anasiya kuseka. Ababa anandiyang'ana. Ndinaimirira. Ndinayankhula mokweza, mpaka mbuzi zinatukula mitu.

"Amayi, Ababa, Sadiki sanathamange. Ine ndi amene sindinakweche mwala."