Gemu Imene Maliko Anasiya

Maliro a mwamuna wake atatha, Temwani wa ku Kachebere sanalirenso. Misozi inangouma. Ankaphika, kudya pang'ono, n'kukhala. Mwamuna wakeyo, Maliko, anagundidwa ndi lole ali pa njinga yamoto pochokera kuboda. Anasiya zovala, chipewa chosweka ndi laputopu yakale yogula ku Chipata.

Madzulo ena Temwani anaitsegula, poti chochita china panalibe. Munali gemu imene malemu ankaikonda: tianthu tiwiri m'nkhalango, kamwamuna ka nkhwangwa ndi kamkazi ka uta. Anadinadina mabatani. Kamkazi kanayenda pang'ono n'kuima. Anadinanso. Osasuntha.

Anaitana Benedicto, mnzake wa malemu, wa nyumba yoyandikana.

"Alamu, iyi si gemu yongothamanga ayi," anatero Benedicto. "Ndi yosinthana, ngati bawo. Kamkazika n'kanu. Mphamvu zake n'zochepa. Mukayenda mtunda, muvi simuponya. Mukaponya, simuyenda. Mphamvu zikatha, mudikire mnzanu asewere."

"Mnzangayo ndani?"

Benedicto anayang'ana pansi. "Kankhwangwako kanali ka achimwene. Muzingokayendetsa nokha."

Anaphunzira pang'onopang'ono. Kuti mvula imazimitsa mivi yamoto. Kuti wovulala amayenda mochedwa. Kuti ngakhale kutsegula chitseko kumadya mphamvu. Sikuti ankasangalala nayo. Inkangomuperekeza mpaka tulo.

Usiku wina magetsi atathima, analowetsa kamkazi kake m'kanyumba ka m'nkhalangomo n'kutseka chitseko. Mphamvu zinatha. Anatambasula dzanja kuti ayendetse ka Maliko.

Kanayenda kokha.

Temwani anabweza dzanja. Kamwamunako kanadutsa m'mitengo kakukoka mwendo, n'kudzaima pakhomo pa kanyumba kaja.

Ndiye panja penipeni mapesi anati tswa, tswa. Phazi limodzi likuponda, linalo likukwekwereza. Kufika pakhonde, zii. Osagogoda. Fungo la petulo ndi dothi lonyowa linalowera pansi pa chitseko.

Mantha anawafunafuna mumtima, osawapeza. Anangozindikira kuti wapanjayo wamaliza mbali yake, sangachitenso kanthu. Yatsala mbali ya iye Temwani.

"A Maliko, ndinu?"

Galu wa Benedicto sanauwe. Kamkazi ka uta kaja kankangophethira pagalasi la laputopu.

Anakhala mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako anadina batani.

Mbandakucha, amayi opita kumjigo anamupeza atakhala m'mphepete mwa manda, wopanda nsapato, laputopu yozima ili pamiyendo. Udzu unali wamame, koma mapazi ake anali ouma gwa.

"Mwafika bwanji kuno, asisi?"

"Ine sindinatuluke," anatero Temwani, mawu ali phee. "Ndinangotsegula chitseko cha mugemu."

Nyumba yake anthu anaipeza yokhoma m'kati. Mpaka anachita kuthyola zenera.

Magetsi atabwera, Benedicto anayatsa laputopu ija. Nkhalango inalimo, kanyumba kanalimo, chitseko chili pululu. Tianthu tonse tiwiri munalibe. Anaitseka, sanaigwirenso.

Ena amati n'chisoni chabe. Ena amanong'ona kuti wofa pamsewu amabwerera kudzamaliza zimene anasiya panjira.

Temwani akadalipo. Amalima, amapita kutchalitchi. Koma dzuwa likangolowa, amati akayenda pang'ono pabwalo amaima chilili, manja ali lende. Ukamuitana amakweza chala.

"Tadikirani kaye," amatero. "Iwo sanamalize."