Mtengo wa Chipinda cha Atelala

Miyezi isanu ndi iwiri chimwalirireni atelala, chipinda cha kumapeto pa mdadada wawo wa lendi, chimene ankasokeramo, chinali chikhalire chotseka. Zitatu zinazo munali anthu. Ofuna nyumba ankabwera ndithu, koma mayi wamasiye, mkazi wa malemuwo, akangotchula mtengo, ankaseka n'kubwerera pageti.

Loweruka lina akulu awo a malemu anatulukira atakwiyira kunjira.

"Mlamu, kachipinda kopanda siling'i mukutchula mtengo wa zipinda ziwiri? Muli golide m'menemo?"

"Wofuna adzapezeka, alamu."

"Liti? Ana a mng'ono wanga azivutika, chipinda chikusunga akangaude? Kapena pali mwamuna amene mukumusungira?"

Koma pakamwa pa anthu ena, abale! Mayiyo anagwira pamtima, misozi ili chuchuchu.

"Ndinakweza dala kuti asalowe munthu," anatero akusisima. "Bwerani muone."

Anatsegula chitseko. Atelala sankasunga kope. Miyeso ya makasitomala ankailemba pakhoma ndi pensulo, ndipo makoma onse anayi anali odzaza ndi kalembedwe kawo kopendekera.

"Wa lendi akalowa, zonsezi zipita ndi laimu. Alamu, chonde, ndisiyireniko dzanja lawo lokhali."

Alamuwo anayang'ana khoma kwa kanthawi, n'kupukuta m'maso mobisa. Koma mtima sunafewe.

"Nanenso ndi m'bale wanga, mlamu. Koma ana sangadye pensulo."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Pageti analemba ndi khala mtengo wotsikirako pang'ono kuyerekeza ndi wa aneba. Dzuwa lisanapendeke, mphunzitsi wina wamkazi anali atachikonda kale chipindacho. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti makoma ayeretsedwe.

M'mawa mwake alamu anabwera ndi ndowa ya laimu. Mayiyo anawalanda bulashi.

"Ndipaka ndekha."

Anapaka tsiku lonse akulira, mapewa ndi ziuno za anthu osawadziwa zikuzimiririka. Atafika kuseri kwa chitseko, pamene panali pobisika ndi makina osokera, anaima. Panali mzere umene anali asanauonepo: "Mayi a kunyumba. Diresi yobiriwira. Asadziwe."

Diresi imeneyo sanailandirepo.

Panja mphunzitsi uja anali atafika ndi matiresi pamutu.

"Odi, amayi! Pauma?"

"Patsala pang'ono, mwanawe," anayankha, n'kuviikanso bulashi mu ndowa.