Mawu a Zebron m'munda wa Nelesi

Madzulo amenewo ndinadya mbatata ziwiri, ndinanyamula bulangete ndi chitini, ndi kuuyamba wa kumunda. Munali mu Malichi, 1995, chimanga chitatsala milungu iwiri kuti chikhwime. Munda sunali wanga. Wanga njovu zinali zitaukolola kale, zinangondisiyira ndowe, milu yaikulu yoti mbuzi ingabisale kuseri kwake.

Ine ndine Bornwell. Kuchokera pa Bundabunda mpaka kumapiri, palibe amene sadziwa ntchito ya pakamwa panga. Ndikalira ngati tambala, nkhuku za mudzi wonse zimatsika mumtengo dzuwa lisanaganize n'komwe zotuluka. Tsiku lina ndinakhosomola ngati abusa kuseri kwa tchalitchi, amayi a kwaya onse anaimirira, wina mpaka anameza chingamu.

Munda unali wa ba Nelesi, mkazi wa malemu Zebron. Ana asanu. Chaka cha chilala chimenecho, munda wawo wokha ndi umene unabereka, chifukwa unali m'mbali mwa dambo, kuyang'anana ndi nkhalango ya nyama.

Nkhani ya Zebron ndi iyi. Anthu a zanyama atabwera ndi galimoto yawo, anatisonkhanitsa. Bwana wawo, mimba kutsogolo, anati, "Manje nyama izi ni zanu. Muzisunge. Muzaona chigayo, muzaona kiliniki!" Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kutupa. Amuna anapereka mfuti zawo za gogodela. Anyamata a m'mudzi momwemo anawaveka majombo kuti akhale maskauti, olonda nyama, ndipo mmodzi anali Sanford, mlongo wake wa ba Nelesi, bere limodzi. Chigayo tikuchidikirabe. Amene anamva uthengawo msanga ndi njovu.

Njala italuma, Zebron anatchera waya nagwira mbawala imodzi. Anamupeza akusenda. Sanford anali pagulupo, bwana ali pambali pake, ndipo amene anamumanga chingwe ndi Sanford yemweyo. Zebron anapita kundende ku Lusaka. Miyezi inayi, chifuwa, basi. Anamuika akaidi anzake, uthenga unatipeza patatha milungu itatu. Sitinalire, sitinamete, mowa wa maliro sunafulidwe. Kwathu munthu wotero timati sanagone, akufunabe njira ya kwawo. Sumutchula kukada.

Koma Zebron anali ndi luso lake. Polonda munda iye sankamenya chitini. Ankaima pansanja, kukhosomola kawiri, ndi kulankhula mwaulemu: "Akuluakulu, pepani. Kuno ni kwa amphawi. Pitani kutsogolo." Ndipo njovu zinkapitadi.

Zebron atapita, munda wake ndinkalonda ndine. Chitini ndinamenya mpaka chinabooka. Njovu zinachizolowera, ndikulumbira ina inkagwedeza mutu motsata ng'oma. Ndiye usiku wa Lolemba, zitafika pamalire a munda, ndinati kodi pakamwa apa ndi pa mbatata pokha? Ndinakhosomola kawiri. Ndinavala mawu a Zebron. Zinaima, zinatembenuka, zinapita. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaseka ndekha pansanja mpaka ndinatsala pang'ono kugwa.

M'mawa ndinakadzitama kwa ba Nelesi. Sanaseke.

"Ba Bornwell, munthu uja sitinamulire," anatero. "Mumudzutsiranji?"

"Nileke, amake Christine?"

Anayang'ana ana, atakhala pamphasa kugawana mphonda imodzi.

"Milungu iwiri chabe," anatero. "Chikakhwima muleke."

Ndiye usiku wachitatu ndi umenewu. Ndinakwera pansanja. Mwezi unali theka. Achule kudambo ankaimba ngati alipidwa, udzudzu nawo unkandidya ngati ndine wa boma.

Kenaka achule anasiya. Onse pamodzi.

Ndinamva nthambi, thyo. Ina, thyo. Fungo linafika, lija la khola lonyowa. Ndinamva mimba zawo zikulira pansipansi. Ndinawerenga misana: isanu, isanu ndi umodzi, isanu ndi itatu. Sizinabwerepo zochuluka chotero.

Ndinaimirira. Ndinakhosomola kawiri.

Kumitengo, munthu anakhosomola kawiri.

Ndinati mwina ndi phiri likundibwezera. Koma phiri lili kutali, ndipo Lolemba silinayankhe.

"Akuluakulu, pepani," ndinayamba. "Kuno ni kwa..."

"Bornwell."

Zebron analibe dzino limodzi la kutsogolo, ndipo polankhula pankatuluka kamluzu kakang'ono. Kamluzu kameneko ine ndinakayesa zaka khumi, sindinakathe. Mawu awa anali nako.

"Bornwell. Nikati nigone, uniitana. Nikati nigone, uniitana."

"Bamdala, pepani," ndinatero. "Ni chimanga cha ana. Nenze kuthandiza chabe."

"Ananitaya monga galu. Palibe ananilira. Koma nchito yeve munipatsa."

Ndinamuona. Anali pakati pa miyendo ya njovu yaikulu, wamfupi, mutu wometa, kabudula woyera. Njovu sizinamuponde. M'dzanja anagwira chinthu chimene ankachikwekwereza pansi, tswee, tswee. Waya. Ndipo kumapeto kwa wayayo kunali munthu wina, wamtali, akutsatira mutu uli pansi, ngati mbuzi yopita kumsika.

Zebron anatembenukira njovu. Analankhula mwaulemu womwe uja.

"Akuluakulu, lowani. Ni kwanu kuno. Anakupatsani."

Zinalowa. Mosathamanga, mosalira, imodzi pambuyo pa inzake. Ndinamva mapesi akuthyoka. Ndinagwira chitini, manja anakana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe mudzi umve, ine amene ndimadzutsa agalu a midzi itatu. Panangotuluka chifuwa. Kho, kho. Ndinayesanso. Kho, kho.

Ndinagona chafufumimba pansanja, bulangete kumutu. Zinadya usiku wonse. Pansi panga penipeni wayayo ankangozungulira, tswee, tswee, ndipo wina ankalira motsitsa, mwamuna wamkulu.

Kutacha ndinasuzumira. Munda unali ngati bwalo la mpira. Pakati pake panakhala munthu.

Anali Sanford. Malaya a ntchito anavala, koma majombo analibe. Waya unamumanga pa akakolo, mbali ina utakulungidwa pachitsa, mfundo yake yopinda kawiri monga ankamangira Zebron. Kampu ya maskauti ili kuseri kwa phiri, ulendo wa maola atatu, minga yokhayokha. Mapazi ake analibe ngakhale kachilonda.

Anthu anayamba kufika. Palibe amene anafuna kukhudza wayayo. Anadula ndi ba Rosaria, aneba a ba Nelesi, ndi nkhwangwa, akupemphera mokweza.

"Wafika bwanji kuno iwe?" anamufunsa.

"Nenze gone," anatero Sanford. "Alamu anagogoda. Anati tiye ukaone nyama zako mwamene zidyera."

Anaona ba Nelesi akubwera ndi dengu. Anayesa kuimirira, anagwa. "Basisi," anatero. "Basisi, bwana anali pamenepo. Nikanachita bwanji?"

Ba Nelesi anamudutsa ngati chitsa. Anayamba kutola zimene njovu zinaponda, chisononkho apa, theka apo. Ana anatola nawo. Munda wonse uja, dengu silinadzaze.

Manong'onong'o anayamba tsiku lomwelo. Ena ankati Zebron anabwera chifukwa cha Sanford, chimanga chinangofera pakati. Ena ankati ayi, munthu wosaliridwa sadziwanso wake ndani. Ambiri ankati akandiona, n'kukokera ana awo m'nyumba. A zanyama anabwera patatha sabata, anayeza mapazi a njovu ndi tepi, analemba m'buku, anatiuza kuti tizimenya zitini mwamphamvu.

Mu Meyi ba Nelesi anagawa ana. Awiri kwa achibale ku Palabana, kukaweta ng'ombe za eni. Christine, wamkulu, kukagwira ntchito ya m'nyumba pa Chongwe. Iwo ndi aang'ono awiri, ku Lusaka, kukaphwanya miyala. Ndinawanyamulira katundu panjinga mpaka kumsewu waukulu.

Minibasi itaonekera patali, anandigwira mkono.

"Ba Bornwell, munamumva bwino imwe. Niuzeni zoona. Anafunsako za ana?"

Ine bodza ndi ndiwo zanga. Ndikanatha kuwauza kuti anawatchula onse asanu, mmodzimmodzi, ndipo akanakhulupirira. Ndinatsegula pakamwa. Ndinayang'ana ana aja, ndinayang'ana pansi.

"Sanafunse," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anakweza wamng'ono kumsana, nakwera.