Mbale ya Amake Gye-ok

Madzi a m'mbale ya amake Gye-ok anayamba kuundana pakati pa Ogasiti, nyenje zikulira, anthu tikugona mawindo ali chitsegulire chifukwa cha kutentha.

Mayiwa ankadzuka kusanache, kutunga madzi oyamba pachitsime, kuwaika m'mbale yoyera pamwamba pa mitsuko ya soya kuseri kwa nyumba, n'kumapempherera mwana wawo uku akutikita manja. Mwanayo, Gye-ok, ankagwira ntchito mumzinda, m'gulu lomvetsera makina amene anatumizidwa kukaboola ayezi pa mwezi wina wa pulaneti ya Jupita, kukaona ngati m'madzi a pansi pake muli zamoyo. Makinawo atalowa pansi n'kungoti zii, mayiwa anayamba kuwapempherera nawonso. "Ali okhaokha kumdimako, opanda mayi," ankatero.

Poyamba mbale inkangozizira. Kenaka madzi anayamba kuuma gwaa, ndipo atalawa anapeza kuti ndi amchere, chonsecho kwathu n'kumapiri. Agalu anasiya kudutsa kuseriko. M'bandakucha wina, mayi woyandikana nawo anamva kugogoda kwapansipansi, go, go, ngati chikhadabo pagalasi.

Koma anthu pakamwa! Anayamba kunong'onezana kuti gogoyu mutu wabalalika, amaika yekha mbale mufiriji n'kuiwala. Wamiseche wina anamuimbira foni Gye-ok, ndipo mwanayo anabwera atawapezera kale mayi ake malo kunyumba yosungirako okalamba. Zinatiwawa, chifukwa chikwatiwire mayiwa anali asanagonepo kwina.

"Amayi, mawa tinyamuke. Kumeneko akakusamalirani bwino."

"Iwe, kuonda ngati ndodo chonchi, ndiye uzisamala ine? Taidya kaye. Mawa utunge wekha, uione misala yangayo."

Kusanache Gye-ok anatsuka mbale yekha, n'kutunga yekha. Mdima unali bii, mpweya uli wofunda, achule akusokosera m'minda ya mpunga. Mwadzidzidzi achule onse analeka. Mbale inalira the, the, madzi n'kuuma iye akuona, nkhungu yozizira ikutsetsereka pamitsuko. Pansi pa ayeziyo panayaka kadontho kobiriwira, kakuzungulira pang'onopang'ono, mpaka kanaima pomwe panali chala chake. Go, go.

"Amayi!"

"Tsitsa mawu, ungakaopseze," ananong'ona mayiwo, ataima kumbuyo kwake. "Kamabwera kudzaona ngati kuno kuli anthu, monga umachitira iwe kwawoko." Anamugwira dzanja, n'kulitenthetsa m'manja mwawo. "Kupita ndipita, mwanawe, sindikukana. Koma ndikachoka kazidzapeza mbale youma."

Gye-ok anakhala pansi pambali pawo mpaka kunja kunayera, ayezi n'kusungunuka. Anapita pachitsime kukasamba kumaso, ndipo anatenga nthawi kumeneko. Pobwera, maso ali psuu, anati:

"Amayi, chingwe cha pachitsimechi chadyeka. Loweruka ndikubweretserani chatsopano."