Phulusa pa Chala cha Mwai

Galu wa Modester anali atakana kudya kwa masiku awiri. Loweruka m'mawa mtsikanayu anamupeza kuseri kwa khola la mbuzi akutafuna chitsa, dovu likuyenderera kukamwa.

"Tilekeni! Tilekeni!" anamuitana.

Galuyo anamuyang'ana ndi maso ofiira ngati sanamuonepo chibadwire. Nthawi yomweyo Modester anakumbukira chimene anabisa.

Lachiwiri lapitalo, amayi ali ku Nkaya kogulitsa nandolo, Tilekeni analuma mng'ono wake Mwai, wa zaka zisanu, pachala. Bala lake linali laling'ono, timano tiwiri basi. Modester anachita zomwe ankaona anthu akuchita kwawo ku Utale: anadula ubweya wa kumchira kwa galuyo, n'kuuwotcha paphale, n'kupaka phulusa lake pabalapo. Kenako anamuopseza mwanayo kuti akangouza amayi, Tilekeni aphedwa. Mwai anatseka pakamwa, Modester n'kudziona ngati dokotala. Mtsikana wa sitandade 8, woti m'kalasi samupitirira, nzeru zake tsiku limenelo zinathera pa ubweya wa galu.

Tsopano anamunyamula Mwai kumsana n'kuthamangira kwa mayi Lukiya, mlangizi wa zaumoyo amene ankakhala kutsidya kwa munda wa thonje. Anawapeza akuchapa zovala.

"Amayi, ndithandizeni! Galu wathu wapenga, ndipo anamuluma Mwai!"

"Wamuluma liti?"

"Lachiwiri."

"Subhanallah! Lachiwiri? Munatsuka ndi sopo?"

"Iyayi. Ndinapaka phulusa la ubweya."

Mayi Lukiya anagwira m'mutu, thovu la sopo lili m'manja. "Mwana iwe, ubweya ukanakhala kuti umachiza chiwewe, bwenzi chipatala chikuweta agalu ometa! Galu akaluma munthu timatsuka bala nthawi yomweyo, madzi ambiri ndi sopo, mphindi khumi ndi zisanu zathunthu, kenako liwiro la kuchipatala. Nanga galuyo analandira katemera?"

Modester anagwetsa nkhope. Alangizi a ziweto atabwera pabwalo la sukulu kudzabaya agalu, iye anamutsekera Tilekeni m'khitchini. Anyamata ankati galu wobayidwa jekeseni amasanduka waulesi, sauwanso ngakhale wakuba atalowa.

Mayi Lukiya sanatayenso nthawi. Anatsuka chala cha Mwai ndi sopo wochapira yemweyo, mwana akulira mokuwa, kenako anaimbira foni mlangizi wa ziweto kuti abwere ndi amuna adzagwire galuyo asanalume wina. Modester sanapemphe kuti amusiye. Anangomva mtima ukuwawa, n'kukwera kabaza atakumbatira mng'ono wake.

Pa Nkaya anapeza amayi, amene mayi Lukiya anali atawaimbiranso foni, akudikira m'mbali mwa njanji, dengu la nandolo atasiyira mnzawo. Modester anakonzeka kulandira mbama, ndipo akanaikonda mbamayo. Koma amayi anangomulanda Mwai, n'kuyang'anitsitsa kachalako.

"Masiku anayi tikudya mbale imodzi, iwe uli chete," anatero motsitsa mawu. "Unasankha galu, Modester?"

Anakwera minibasi yopita kuchipatala cha ku Balaka. Minibasi inkaima paliponse, kukweza matumba a makala, kutsitsa nkhuku. Ikaima, Modester ankafuna kutsika kuti aikankhe. Ankagwira chipumi cha Mwai mobwerezabwereza, akupemphera mapemphero onse amene anaphunzira ku tchalitchi, mpaka ndi la chakudya lomwe.

Kuchipatala namwino anamva nkhani yonse osaphethira. Anamubaya Mwai jekeseni, n'kulemba masiku ena obwerera m'buku lake la kuchipatala.

"Musadumphe ngakhale tsiku limodzi," anatero. "Mwachedwa, koma mwachita bwino kubwera asanayambe kudwala. Katemerayu ali pa mpikisano ndi matenda. Chiwewe chikafika poti munthu akuopa kumeza madzi, ife tomwe timangoyang'ana."

"Ndiye achira?" anafunsa Modester.

"Chiyembekezo chilipo chachikulu. Koma masiku anayi aja sindingakubwezere."

Atafika kwawo madzulo, kuseri kwa khola kunali zii. Palibe anatchula dzina la galuyo. Lolemba Modester anaimirira yekha pamzere wa kusukulu n'kufotokozera anzake zonse, osabisa ngakhale za m'khitchini. Ena anaseka atamva za ubweya, koma ambiri anayang'ana pansi, pakuti kwawo amachitanso zomwezo.

Chimene sanauze aliyense n'chakuti kuyambira tsiku limenelo tulo ankagona ta mpheta. Kukangocha, asanasese, asanavale yunifolomu, ankatunga madzi mumtsuko n'kukadzutsa Mwai.

"Imwa."

"Achemwali, ndilibe ludzu! Bwanji mukundimwetsa tsiku lililonse ngati mbuzi?"

"Ingomwa, chonde."

Mwai ankamwa monyinyirika, maso ali ndi tulo. Modester ankagwada pamphasapo, mpweya ataugwira, akuyang'ana kakhosi kakang'onoko mpaka madzi atatsika.